Uta wa Mkamwini

Chaka chimene anthu a ku Chiradzulu anafika pokumba zitsa za nthochi n'kumasinja kuti apeze chodya, Alufeyo anadula mtengo wa uta.

Anatsika nawo kuphiri dzuwa litapendeka, wowongoka bwino, wotalika kufika m'khosi mwake. Mkazi wake Gertrude anali pakhonde akupeta madeya amene anakasesa kuchigayo pamodzi ndi mnzake Subira, mayi wamasiye wa kutsidya kwa mtsinje.

"Mpini wake wa khasu lanji umenewo, bambo a Ruth?"

"Si mpini. Ndi uta," anatero Alufeyo. "Nguluwe zatimalizira chimanga kumunda kuja."

Gertrude anapitiriza kupeta osadzutsa mutu. Nguluwe ankazidziwa kuyambira ali mwana. Zikalowa m'munda zimagwetsa mapesi, zimafukula mizere, zimasiya ndowe ndi fungo. Koma kumunda kwawo mapesi anali chiimire. Chimene chinkasowa chinali mondokwa wokha, wothyoledwa bwinobwino mopotokola, monga amachitira munthu wa zala zisanu.

Mundawo unali wa malemu amayi ake a Gertrude, ndipo Alufeyo anali mkamwini, wochokera cha ku Mikolongwe. Anali munthu wosalankhulalankhula. Kale ankalondera sitolo ina ku Limbe, koma itatsekedwa anabwerera kumudzi n'kuika mtima wake wonse pakhasu. Mvula isanagwe anagulitsa njinga yake kuti agule feteleza, anthu n'kumamuseka. Tsopano m'dera lonselo chimanga chake chokha ndicho chinali chobiriwira mpaka kuda, chitabereka ziwiriziwiri, pamene cha anzake chinali chachikasu, cholekeza m'mawondo. Aliyense wodutsa m'njira ankachiyang'ana, ndipo mayang'anidwe ake sanali oyamikira.

Panali chimene Gertrude ankabisa. Mlongo wake wamng'ono, Lackson, amene anakwatira m'mudzi woyandikana nawo, anabwera tsiku lina maso atalowa m'kati, n'kunena kuti ana ake agona ndi madzi okha. Gertrude anamuuza monong'ona kuti akathyole pang'ono kumphepete, alamu ake asadziwe. Kuyambira pamenepo, nthawi iliyonse Alufeyo akabwera kuchokera kumunda nkhope ili gwaa, Gertrude ankapewa kumuyang'ana m'maso.

Uta sunapangidwe mothamanga. Alufeyo anaphunzira lusoli kwa malemu amalume ake, amene makolo awo anabwera nalo kuchokera ku Mozambiki, ndipo ankatsata zonse monga anamuonetsera. Anasema mtengowo ndi kasemasema, kunsonga zonse ziwiri kukhale kowonda, pakati ponenepa. Anaupala ndi phale la botolo mpaka unasalala ngati fupa. Anauwamba pamoto, n'kuupaka mafuta a nsatsi, n'kuuwambanso. Chikopa cha mbuzi yawo yomaliza anachicheka timizere, anachiviika, anachipota, n'kuchipachika pamtengo wa mango atamangirira mwala kunsi kuti chitamuke. Imeneyo ndiyo inali nsinga.

Mivi anaipanga ndi bango la kudambo. Bango lililonse ankaliika padiso n'kuliyang'ana ngati munthu wosuzumira pabowo, likakhala lokhota ankaliwongolera pamakala. Misomali ikuluikulu anaisula pachidutswa cha njanji mpaka inaphwatalala ngati tsamba, n'kuisongola, n'kuidula ngowe m'mbali.

"Ngowezo n'zachiyani?" anafunsa Gertrude.

"Kuti ukalowa usatuluke."

Tsiku loyamba kukunga utawo, anagoneka thunthu la nthochi kuseri kwa nyumba, n'kubwerera m'mbuyo, n'kuponya. Muvi unapita ukugwedeza kumchira ngati mlamba m'matope, n'kukagwera pambali. Alufeyo sanakwiye. Anakhala pansi, anakoka nsinga pang'ono n'kuisiya, khutu ali nalo pafupi.

"Mwamva? Ikulira ngati chule. Nsinga yabwino imalira ngati njuchi."

Anaimasula, anaipotanso, anaikunganso. Kenako anapondera uta pakati n'kuukoka, n'kuona kuti mbali ya kumwamba ikukanika kupinda mofanana ndi inzake. Anatenganso phale lija n'kumapala pang'onopang'ono, tizipalo tikugwera pamwendo pake. Muvi uliwonse ankauika pachala kuti aone kumene ukulemera. Wina anaufupikitsa, wina anaumeta nthenga, wina anangouthyola n'kuuponya pamoto. Madzulo aliwonse kuseri kwa nyumba kunkamveka kulira kwa nsinga, kenako phuu, chitsulo chikulowa m'nthochi. Masiku oyamba phuu ankamveka mwa apo ndi apo. Pofika kumapeto kwa sabata sankaphonyanso.

Ndiye m'mawa wina Gertrude, popita kukataya phulusa, anapeza thunthu lija lisali chogona. Linali litaimikidwa, litatsamira pachitsa, ndipo mabowo atsopano onse anali pamwamba, molingana ndi chifuwa chake iye mwini. Anaima pamenepo phulusa lili m'manja mpaka mwana wawo Ruth, amene mapazi anali atayamba kutupa, anamuitana kuchokera m'nyumba.

Lamulungu atatuluka m'tchalitchi, Alufeyo anamuimitsa Lackson pabwalo.

"Alamu, tiyeni kunyumba mukandithandize kantchito kakang'ono."

Lackson anayang'ana mchemwali wake, koma Gertrude anali atayang'ana pansi. Atafika, Alufeyo anavula jekete, anatenga uta, n'kukankha thunthu lija ndi phazi kuti ligwe.

"Likumangogwa ili. Tandigwirirani, liime."

Lackson analiimika n'kuligwira ndi dzanja limodzi, thupi atalitalikitsa mmene akanathera. Anaseka, koma kuseka kwake kunali kouma.

"Nguluwe zake n'zazitali chonchi, alamu?"

"Za chaka chino zikuyenda choimirira," anatero Alufeyo, akubwerera m'mbuyo pang'onopang'ono.

"Bambo a Ruth," anatero Gertrude. Mawu anatuluka aang'ono, ndipo mwamunayo sanacheuke.

Anaika muvi pansinga, anakoka mpaka nthenga zinakhudza tsaya lake, n'kukhala choncho. Nsonga ya muvi inkayenda pang'ono, kuchoka pathunthu, kupita pamalaya oyera a Lackson, kubwereranso. Nkhunda imene inkalira mumtengo wa mango inaleka. Kenako nsinga inalira, ndipo muvi unalowa m'nthochi pansi penipeni pa dzanja la Lackson, n'kutulukira kuseri. Madzi a nthochi anamuthovukira kumaso.

"Wakhala bwino tsopano," anatero Alufeyo. "Zikomo alamu. Mupereke moni kunyumba."

Lackson anachoka osatsanzika.

M'mawa mwake Alufeyo anapitanso kuphiri, n'kubwerako ndi nyemba zazitali za kombe, mtengo woyanga umene alenje akale ankapangira ulembe wopaka kumivi. Anasinja njere zake pamwala, anaziphika m'phale kuseri kwa khola lopanda mbuzi, mpaka zinasanduka phala lakuda lonanda. Utsi wake unali wowawa pakhosi.

"Ruth asayandikire kuno," anatero. "Inunso musagwire. Ngakhale kachilonda ka minga n'kokwanira."

"Nyama yolasidwa ndi zimenezo tingadye?"

"Ndani wanena za kudya?"

Gertrude anamangirira nsalu n'kunyamuka ngati akupita kumjigo, koma analowera njira ya kwa Lackson. Anamupeza akusenda nthochi zosakhwima pakhomo.

"Achimwene, ndagwira mwendo wanu, musapondekonso kumunda kuja. Apaka ulembe."

Lackson analeka kusenda. "Ine ndinathyola kawiri kokha, achemwali, nthawi imene munandiuza ija. Ndinaleka kalekale. Manyazi anandigwira."

"Nanga amene akuthyola ndani?"

"Funsani amene sakuthyola, mwina mungawerenge msanga. Dziko lonse lili ndi njala." Anaponya khoko la nthochi pansi. "Koma mwamuna wanuyo anandilozetsa muvi chifukwa cha munda wa amayi anga, munda umene ndinalima ndili mwana iye asanadziwe n'komwe njira ya kuno. Zimenezo sindidzaiwala."

Pobwerera Gertrude anamva thupi kupepuka. Sanali mlongo wake. Anayenda chidutswa chonse cha njira akuthokoza Mulungu, ndipo anali atafika kale pakhomo pamene anazindikira kuti muviwo ukudikirabe munthu, kungoti munthuyo sakumudziwa.

Anayesa kulankhula ndi mwamuna wake. "Mukamuona mungokuwa, anthu abwere amugwire."

"Anthu ake ati? Amene angabwerewo ndi omwewo." Alufeyo ankayanika mivi padzuwa, nsonga zakuda zitaloza kumwamba. "Taonani mapazi a mwanayo, mayi a Ruth. Chimanga chija chikatha, tikamuika kumanda mwezi wa mawa usanathe. Musankhe nokha."

Gertrude anayang'ana mapazi a Ruth. Maganizo odula nsinga ndi mpeni anamufikira, koma uta sunkachoka m'manja mwa mwini wake, ndipo ngakhale ukanachoka, sankadziwa ngati akanaidula nsingayo.

Alufeyo anayamba kutandala kumunda. Anazindikira kuti wakubayo sankabwera nthawi imene olondera minda ali maso. Ankabwera masana mvula ikamagwa yamphamvu, pamene aliyense wathawira m'nyumba ndipo phokoso la madontho pamasamba likubisa kuthyoka kwa chimanga. Choncho mitambo ikada, anthu akamathamangira kumudzi, iye ankapita kumunda, mivi ataikulunga m'pepala la pulasitiki.

Tsiku lina mvula inayamba dzuwa lili paliwombo. Inagwa ngati ikukhuthulidwa, phiri lonse osaoneka. Gertrude anakhala pakhomo akuyang'ana madzi akuyenda pabwalo. Sanamve kukuwa kulikonse. Mvula itayamba kukata, Alufeyo anatulukira ali chinyowere, anakoleka uta pakhoma, n'kukhala pansi osavula malaya.

"Zayenda bwanji?"

"Ndaphonya."

Anatunga madzi mumtsuko n'kuyamba kusamba m'manja, ngakhale mvula inali itawatsuka kale. Anasamba, anasambanso. Gertrude anamuikira phala la madeya, koma linazizira pomwepo.

Mayiyo anatuluka osanena kumene akupita. Kumunda mizere inali itadzaza madzi. Kumphepete kwa kumtsinje anapeza mapesi angapo atagwa moloza kumadzi, ngati munthu anadutsapo akudzikoka. Panali kathumba ka shuga, m'kati muli mondokwa wosakwana n'komwe kudyetsa banja kamodzi. Pafupi pake, m'matope, munali patapata mmodzi wachikazi, lamba wake womangidwa ndi waya wabuluu.

Waya ameneyo Gertrude ankamudziwa. Anamutola yekha panjira ya kuchigayo n'kumupereka kwa Subira tsiku limene lamba anaduka.

Anawoloka mtsinje madzi akumufika m'chiuno. Nyumba ya Subira inali kumapeto kwa mudzi, chitseko chotseka. Ana anali atapita kwa anansi kukaotha moto. M'katimo munali mdima ndi fungo la masanzi. Subira anagona pamphasa chammbali, nsalu yonyowa itamatirira pantchafu, milomo itachita phulusa.

"Ndagwera pachitsa, anzanga," anatero, asanafunsidwe.

Gertrude anagwada n'kukweza nsaluyo. Bala linali laling'ono, losatuluka magazi ambiri, koma mozungulira monse munali mutada. Pakati pake panatulukira kachidutswa ka bango kothyoka.

"Mayo ine! A Subira, tiyeni kuchipatala ku Mauwa. Ndikapeze njinga pompano."

"Ayi." Subira anamugwira dzanja, zala zake zozizira ngati mwala wa mumtsinje. "Akaona chitsulo afunsa. Munamva zimene anamuchita munthu uja anamugwira ndi chinangwa kumsika. Ana anga azidzatchedwa ana a mbava mpaka kukula."

"Bwanji osangondipempha?"

"Ndikanapempha kangati? Inunso muli ndi wodwala." Anapuma movutika, mpweya ukutuluka motalikirana. "Anandiona, anzanga. Ndinadzutsa mutu, tinayang'anana. Ndinati a Alufeyo, ndine. Kaya mvula inawatseka makutu."

Gertrude sanamvere zokana zija. Anathamanga khomo ndi khomo akukuwa, mpaka amuna awiri anabwera ndi njinga, n'kumangirira mpando pakaliyala. Anamukweza Subira, wina akukankha, wina atamugwira. Njira inali yoterera ndipo matayala ankamira. Asanafike n'komwe pamsewu waukulu, amene anamugwirayo anati, "Taimani." Mutu wa Subira unali utagwera paphewa pake.

Subira anali Msilamu, choncho maliro sanachedwe. Amayi amene anasambitsa thupi ndiwo anapeza chitsulo chija. Anachichotsa movutikira chifukwa cha ngowe, anachikulunga m'kansalu, n'kuchipereka kwa mchimwene wa malemuyo, Lajabu, telala wa pa Namadzi amene anafika m'mawa mwake. Gertrude anakhala pakati pa amayi pasiwa, ndipo anaona kansaluko kakudutsa m'manja mwa amuna, aliyense akukatsegula, kuyang'ana, n'kukatsekanso. Palibe anakweza mawu. Amuna atanyamula jeneza kupita kumanda, mayi wina amene anakhala naye pafupi anasuntha pang'ono, n'kusiya mpata pakati pawo.

Kunyumba anapeza Alufeyo atakhala pakhonde, manja ali pamawondo.

"Anakuitanani ndi dzina," anatero Gertrude.

"Nsinga inali itachoka kale m'zala," anatero mwamunayo. Kenako, motsitsa, "Kaya. Mwina inali isanachoke."

"Thawani. Pitani kwanu ku Mikolongwe, kapena muwoloke malire."

"Ndithawe ndisiye chimanga?"

Gertrude anamuyang'ana ngati akumuona koyamba.

Gulu la amuna linabwera dzuwa likupendeka. Patsogolo panali Lajabu, wamtali, atavala mkanjo woyera wothimbirira ndi dothi la kumanda. Pambali pake panali Lackson, ndiye ankalozera njira. M'mbuyo mwawo munali amuna ena, ndipo ena mwa iwo ananyamula zikwanje. Anaima kumphepete kwa bwalo, Lajabu yekha n'kuyandikira.

"Odi kuno."

"Fikani," anatero Alufeyo.

Lajabu sanakhale pansi. Anatsegula kansalu kaja n'kutambasula dzanja. "Ndikufuna mwini wa ichi. Akuti kuno kuli mmisiri."

Alufeyo anayang'ana chitsulocho, kenako anayang'ana Lackson. Lackson sanaphethire.

"N'changa," anatero. "Chimanganso chinali changa."

Kumbuyo kuja kunamveka kung'ung'udza, ndipo mmodzi anaponda m'bwalo chikwanje chili m'mwamba. Lajabu anatembenuka n'kukweza dzanja.

"Ndaika mlongo wanga lero. Sindikufuna kuti mawa ana ake azimvanso kuti amalume awo apha munthu. Uyu tikamusiya m'manja mwa apolisi." Anatembenukiranso kwa Alufeyo. "Valani malaya, bambo. Muyende pafupi ndi ine. Mukatalikira, sindingathe kukutetezani."

Gertrude anatulutsa jekete ya kutchalitchi ija, koma inamupulumuka n'kugwa pansi. Alufeyo anaitola yekha, anaikutumula, anaivala. Sanatsanzike. Lackson analowa m'nyumba, anatenga uta ndi mivi yotsala kuti zikakhale umboni, ndipo potuluka anadutsa mchemwali wake osamuyang'ana.

Gertrude anabereka Ruth, ngakhale anali wamkulu wosayenera kuberekedwa, n'kuwatsatira chapatali. Pakhomo lililonse limene ankadutsa, gulu linkakula. Kunali anthu a kutsidya, komanso a m'mudzi momwemo, ena amene iye ankadziwa bwino kuti anadyako chimanga chomwecho. Mwala woyamba unamenya Alufeyo pamsana. Wachiwiri unamung'amba khutu. Lajabu anamukoka n'kumuika patsogolo pake, mkanjo wake n'kukhala ngati chotchinga, ndipo mwala wachitatu unamenya iyeyo paphewa. Sanacheuke. Anayenda choncho mpaka pamsewu, pamene anaimitsa galimoto ya matola n'kumukankhira Alufeyo m'kati anthu akumenya mabampa ndi zibakera.

Alufeyo anakhala kundende nthawi yaitali akudikira mlandu, ndipo utaweruzidwa anamutsekera, sanabwererenso kumudzi. Chimanga chinacha. Ruth anachira, mapazi anaphwa. Pokolola palibe anabwera kudzathandiza, ngakhale Lackson, ndipo kumjigo amayi ankaleka nkhani Gertrude akatula ndowa.

Ana a Subira anatengedwa ndi Lajabu. Ufa woyamba utachoka kuchigayo, Gertrude anadzaza dengu, anasenza, n'kuyenda wapansi mpaka ku Namadzi. Anapeza Lajabu ali pamakina ake pakhonde la sitolo, ndipo iye anangoloza kunyumba ndi mutu, phazi osaleka kupalasa. Mkazi wa Lajabu anatuluka, anayang'ana dengu, anayang'ana ana amene anasuzumira pakhomo. Anaulandira ufawo, pakuti anawo anali ndi njala. Anakaukhuthula m'nyumba, anabweza dengu lopanda kanthu, n'kuima pakhomo manja atapinda mpaka Gertrude anatembenuka. Mphasa sanamuyalire.